Mutu 9: Khansa ya Pakhungu Ikayambiranso Pachipsera

Mwa khansa zonse, ya pakhungu ndiyo imaoneka yosavuta kuthana nayo. Ili poyera, dokotala amaiona ndi maso, amaiyeza ndi rula, amaidula n'kusoka, ndipo nthawi zambiri wodwala amakagona kwawo tsiku lomwelo. Kwa anthu ambiri nkhani imatheradi pomwepo. Koma alipo ena amene pakapita miyezi kapena zaka amaona kachotupa katamera m'mphepete mwa chipsera, kapena chilonda chitatseguka pomwe panasokedwa, kapena mwanabere wolimba m'khosi. Zikatero pamudzi sipasowa womasulira. Ena amati dokotala anachita mphwayi, ena amati khansa sifuna mpeni, ukangoikhudza imalusa. Maganizo achiwiriwa ndi oopsa, chifukwa amachititsa wodwala wotsatira kukana opaleshoni mpaka nthenda itakula. Umboni umene madokotala akhala akusonkhanitsa kwa zaka zoposa 100 ukunena zina. Zimene zimabweza khansa ya pakhungu zimakhala zilipo kale wodwala asanagone pabedi la opaleshoni, zambiri mwa izo zimadziwika poyeza chotupa chimene chachotsedwacho, ndipo chosiyanitsa wochira ndi wosachira kawirikawiri ndi nthawi imene anafikira kuchipatala komanso zimene zinachitika ulusi utachotsedwa.

Khansa za pakhungu zimene zimachizidwa podula zilipo zitatu zikuluzikulu, ndipo makhalidwe ake ndi osiyana. Basal cell carcinoma ndi yofala kuposa khansa ina iliyonse pakati pa azungu. Imakula pang'onopang'ono ndipo si kawirikawiri kuti ifalikire m'thupi, koma ikalekereredwa imadya mphuno, chikope kapena khutu mpaka kufika pafupa. Squamous cell carcinoma imakula mofulumirako ndipo imatha kuyenda mpaka ku anabere a m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Imeneyi ndiyo imasautsa kwambiri anthu achialubino mu Africa muno, ndiyonso imamera pazipsera zakale za moto ndi pazilonda zosapola. Melanoma imachokera m'maselo opanga mtundu wa khungu. Ndi yosowa poyerekeza ndi zinzakezo, koma ndiyo imafulumira kulowerera m'ziwalo zam'kati. Kaposi sarcoma, yofala kwathu kuno chifukwa cha HIV, ili payokha, popeza chithandizo chake chachikulu ndi ma ARV ndi mankhwala a khansa. Zitatu zija zikachotsedwa, pali njira zitatu zimene nthenda ingaonekerenso, ndipo iliyonse ili ndi zoiyambitsa zake.

Zotsalira m'mphepete mwa bala

Njira yoyamba ndi yakuti maselo ena a khansa anatsala m'mbali kapena pansi pa bala. Chimene diso likuona si chotupa chonse. Mlimi amene anapalirapo munda wa nansongole amadziwa kuti khasu limachotsa zapamwamba, munda n'kuoneka woyera, pomwe mizu yoyenda pansi pa dothi yatsala ndipo idzaphukanso. Koma sanganene kuti khasu ndilo lakwiyitsa udzuwo. N'chifukwa chake dokotala asanadule amajambula mzere kuzungulira chotupa, n'kuyeza mamilimita angapo a khungu looneka labwinobwino, n'kujambula mzere wachiwiri woti mpeni udutsemo. Mu 1987 madokotala Wolf ndi Zitelli a ku America anapeza kuti pa basal cell carcinoma yosakwana masentimita 2, ya malire ooneka bwino, kuwonjezera mamilimita 4 kumachotsa chotupa chonse pa odwala oposa 95 mwa 100 aliwonse. Mu 1992 Brodland ndi Zitelli anaonetsa kuti squamous cell carcinoma yaing'ono imafuna mamilimita 4, pomwe yoopsa imafuna 6 kapena kuposerapo. Mnofu wodulidwawo umaikidwa m'kabotolo ka formalin n'kupita ku labotale, kumene amaupaka inki m'mphepete, n'kuudula tizigawo topyapyala toonera pa maikulosikopu. Maselo a khansa akapezeka atagundana ndi inki, ndiye kuti anzawo atsala mwa wodwala. Basal cell carcinoma yotere ikapanda kudulidwanso, imayambiranso pa wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse kapena chapompo.

Ngakhale lipoti litanena kuti m'mphepete mulibe khansa, mpata umatsalabe, chifukwa labotale imatenga tizigawo motalikirana ndipo kachingwe ka maselo kakhoza kudutsa pakati pa tiwiri osaoneka. Frederic Mohs wa ku yunivesite ya Wisconsin anayamba kutseka mpata umenewu m'zaka za m'ma 1930. M'njira yotchedwa ndi dzina lake, monga imachitikira lero, dokotala amachotsa kagawo kopyapyala, amayeza pansi ndi m'mbali monse wodwala akudikira, kenako amadulanso pokhapo pamene patsala maselo. Ku Netherlands anatsatira kwa zaka 10 odwala a basal cell carcinoma ya pankhope, ena atadulidwa mwa njira ya Mohs, ena mwa njira yamasiku onse. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti khansa inayambiranso pa 4.4 peresenti m'gulu loyamba ndi 12.2 peresenti m'gulu lachiwiri. Magulu onse awiri anakhudzidwa ndi mpeni. Chinasiyana ndi kuchuluka kwa m'mphepete mmene munayang'anidwa.

Tikamvetsa zimenezi, zinthu zokweza chiopsezo panjira yoyambayi sizikhalanso zongoloweza. Malo a chotupa ali ndi gawo lake: pamphuno, kuzungulira maso, pakhutu ndi pamlomo khungu ndi lochepa, dokotala amakhala akusunga milimita iliyonse kuti wodwala azitha kutseka diso kapena kumwa madzi, ndipo khansa imatsata chichereŵechereŵe ndi fupa mobisika. Kukula kulinso ndi gawo lake: Rowe, Carroll ndi Day atasonkhanitsa zofufuza za zaka zambiri mu 1992 anapeza kuti squamous cell carcinoma yoposa masentimita 2 imayambiranso mowirikiza kawiri poyerekeza ndi yaing'ono, ndipo imafalikira mowirikiza katatu. Mtundu wa maselo nawonso umanena zambiri, pakuti zotupa zina zimakula mobulungira, zina zimayenda ngati timizere topanda malire. Pomaliza, khansa imene yayambiranso kamodzi ndi yovuta kuichotsa yonse kachiwiri, chifukwa maselo ake amamwazikana m'chipsera. Ofufuza omwewo anapeza kuti squamous cell carcinoma yodulidwa koyamba inayambiranso pa 8 peresenti, koma yodulidwa itayambiranso kale inabweranso pa 23 peresenti. Opaleshoni yoyamba ndiyo mwayi waukulu umene wodwala amakhala nawo.

Maselo amene anachoka kale

Njira yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba. Pamene chotupa chinkachotsedwa, maselo ena anali atalowa kale m'timitsempha n'kupita kwina, ali ochepa kwambiri moti chida chilichonse sichikanawaona. Apa chofunika ndi kuzama kwa chotupa. Alexander Breslow wa ku Washington anaonetsa mu 1970 kuti kukhuthala kwa melanoma, poyeza m'mamilimita kuchokera pamwamba pa khungu kufika pa selo lakuya kwambiri, kumalosera bwino tsogolo la wodwala, ndipo muyeso wake ndi umene ukulembedwabe m'malipoti lero. Ku Tübingen m'dziko la Germany anachita zofananazo pa odwala 615 a squamous cell carcinoma. Zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti pa zotupa zosaposa mamilimita 2 panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chinafalikira. Pa zoposa mamilimita 2 kufika 6 zinafalikira 4 peresenti. Pa zoposa mamilimita 6 zinafalikira 16 peresenti. Khansa ina imakulunga mtsempha wonyamula mauthenga a kumva kukhudza ndi kuwawa n'kumayenda nawo, makamaka pankhope. Wodwala wotere amamva dzanzi, kuyabwa ngati mukuyenda nyerere kapena kulasa pafupi ndi chipsera, nthawi zina mbali imodzi ya nkhope n'kufooka, khungu likuoneka lopola bwinobwino.

Nkhani ya Bob Marley ikuonetsa njira imeneyi. Mu 1977 anamupeza ndi melanoma pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi. Madokotala anamulangiza kudula chalacho, iye anakana, ndipo anangochotsa chikhadabo ndi mnofu wapansi pake, n'kumatapo khungu la pantchafu. Kwa zaka zitatu anapitiriza kuimba ndi kuyenda m'mayiko. Mu 1980 anakomoka akuthamanga ku New York, ndipo anapeza kuti khansa yafika ku ubongo, m'mapapo ndi kuchiwindi. Anamwalira pa 11 Meyi 1981 ali ndi zaka 36. Chala chinali chitapola, nthenda ikukulira kwina. Melanoma ya mtundu umenewu, yomera kuphazi, m'manja ndi pansi pa zikhadabo, ndiyo imapezeka kwambiri pakati pa anthu akuda, ndipo imazindikirika mochedwa chifukwa anthu amaiyesa chilonda cha chisonga kapena magazi oundana.

Khungu limene linaonongeka lonse

Panjira yachitatu, opaleshoni inayenda bwino, chotupa chinachoka chonse, koma pafupi pomwepo pamera khansa yatsopano. Danely Slaughter wa ku Chicago anafotokoza zimenezi mu 1953 poyeza khansa za m'kamwa: mnofu wozungulira chotupa, ngakhale unkaoneka wabwino, unali utayamba kale kusintha. Pakhungu ndi chimodzimodzi. Dzuwa limene linaononga kamalo kamodzi patsaya linaotchanso mphumi, makutu, khosi ndi mikono kwa zaka zomwezo. Marcil ndi Stern atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2000 anapeza kuti mwa anthu amene anadwalapo basal cell carcinoma, 44 peresenti anadwalanso ina pasanathe zaka zitatu, ndipo mwa odwala squamous cell carcinoma anali 18 peresenti. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, ziwerengerozi zimakwera. Anthu amene anawaika impso kapena mtima wa munthu wina, omwe amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo moyo wawo wonse, amadwala squamous cell carcinoma mowirikiza ka 65 kapena kuposerapo. HIV imakwezanso chiopsezo, makamaka CD4 ikakhala yotsika, ndipo n'chifukwa chake kumwa ma ARV mokhulupirika kuli mbali ya chithandizo cha wodwala khansa ya pakhungu amene ali ndi kachilomboka. Munthu wachialubino ali panjira yachitatuyi kuyambira ali mwana, popeza khungu lake lonse lilibe chotchinga dzuwa.

Mayankho kwa otsutsa

Wina anganene kuti ziwerengero n'zabwino, koma iye anaona ndi maso ake munthu amene anakhala ndi chilonda zaka ziwiri akuyenda, ndipo atangochitidwa opaleshoni sanathe chaka. Zimene anaonazo n'zoona, koma tanthauzo lake ndi lina. Zaka ziwirizo ndi zimene chotupa chinkazama, kuchoka pa mamilimita 2 kufika pa 6 ndi kupitirira. Odwala amene anadulidwa kachotupa kakang'ono n'kuchira sakambidwa pamudzi, chifukwa palibe anadziwa kuti anali ndi khansa. Okambidwa ndi amene anapita ku opaleshoni zinthu zitafika kale poipa. Mpeni ukanakhala kuti ndiwo umalusitsa khansa, zotupa zopyapyala za ku Tübingen zikanafalikira ngati zokhuthala, ndipo njira ya Mohs, imene imadula wodwala mmodzi kawiri kapena katatu tsiku limodzi, ikanakhala yoipa kuposa zonse. Chimene chimaonongadi zinthu ndi kudula kopanda muyeso: kutema mphini pachotupa, kuchiwotcha ndi mankhwala onyeketsa, kapena kuchipala pamwamba n'kutaya osayezetsa. Pamenepo pamwamba pamapola, zapansi n'kupitiriza kukula pansi pa chipsera.

Wina angafunse kuti ngati vuto ndi zotsalira, bwanji osangodula mokulitsa kuti pasatsale kanthu. Madokotala anayesa kale zimenezo. Mu 1907 William Sampson Handley wa ku London, atapima mtembo wa munthu mmodzi wofa ndi melanoma, analangiza zodula motambalala, ndipo m'kupita kwa nthawi chinakhala chizolowezi kuchotsa masentimita 5 mbali zonse. Odwala ankatsala ndi mabala aakulu ofunika kumata khungu lochokera kwina. Mu 1988 kafukufuku wa bungwe la WHO wotsogoleredwa ndi Umberto Veronesi wa ku Milan, pa odwala 612 a melanoma yosaposa mamilimita 2, anaonetsa kuti odulidwa sentimita imodzi ndi odulidwa masentimita 3 anakhala ndi moyo mofanana. Kudula mokulitsa kumathandiza panjira yoyamba yokha, ndipo kumeneko kuli ndi malire ake. Sikungabweze maselo amene anafika kale m'mapapo, sikungachotsenso khungu lonse lopsa ndi dzuwa.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse n'chakuti umboni wambiriwu ukuchokera kwa azungu a ku Ulaya, America ndi Australia, kumene zotupa zimagwidwa zili zazing'ono ndipo njira ya Mohs imapezeka. Izi n'zoona, ndipo mapelesenti awo sitingawakope n'kuwaika pa wodwala wa ku Mangochi kapena ku Chipata. Koma zimene zapezeka mu Africa muno zikutsimikiza mfundo yomweyo mwamphamvu koposa. Pachipatala cha Bugando ku Mwanza m'dziko la Tanzania anaunika odwala 64 achialubino a khansa ya pakhungu, ndipo lipoti la mu 2012 linaonetsa kuti ambiri anali ndi squamous cell carcinoma, ambiri anafika atadwala nthawi yaitali, ndipo khansa inayambiranso pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse. Chiwerengero chimenechi ndi chokwera kwambiri poyerekeza ndi za ku Ulaya, ndipo zoyambitsa zake ndi zomwe zija: kukula, kuzama, malo a pankhope ndi khungu loonongeka lonse. Khansa yomera pachipsera cha moto, yotchedwa ndi dzina la Jean-Nicolas Marjolin wa ku France amene anafotokoza zilonda zoterezi mu 1828, imaoneka patapita zaka 20 kapena 30 munthu atapsa, ndipo imafalikira kuposa squamous cell carcinoma yoyamba ndi dzuwa. Kumene ana amakwawira pafupi ndi mafuwa ndipo odwala khunyu amagwera pamoto, chipsera chakale chotseguka osapolanso chiyenera kuyezedwa, osati kungomangidwa bandeji. Phunziro la kafukufuku wa ku Netherlands kwa ife si kudandaula za njira ya Mohs, koma kuonetsetsa kuti chotupa chilichonse chodulidwa chafika ku labotale ndipo lipoti lake labwerera kwa wodwala. Mpaka mu 2011, pamene labotale yoyezera zotupa inatsegulidwa pachipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ntchito imeneyi m'Malawi inkadalira Blantyre yekha, ndipo lero lomwe kabotolo kochokera kuchipatala cha boma kamayenda ulendo wautali.

Palinso odandaula kuti kubwerera kuchipatala munthu akumva bwino n'kuononga ndalama zoyendera ndiponso kumusunga pa mantha. Dandaulo limeneli liyenera kumvedwa, ndipo yankho lake ndi kusiyanitsa odwala potengera lipoti. Wodulidwa basal cell carcinoma yaing'ono pamsana, m'mphepete mopanda khansa, safunika kuonedwa pafupipafupi. Wa squamous cell carcinoma yozama yapakhutu kapena pamlomo ayenera kuonedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse m'zaka ziwiri zoyamba, chifukwa pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya zoyambiranso za mtundu umenewu zimaonekera m'nthawi imeneyo. Basal cell carcinoma imachedwa: ku Netherlands kuja, zoposa theka za zotupa zoyambiranso mwa odulidwa koyamba zinaoneka zaka zisanu zitadutsa. Melanoma imatha kuonekeranso ngakhale patapita zaka 10. Pakati pa maulendo amenewa wodwala angathe kudziyang'anira yekha kamodzi pamwezi, popanda ndalama. Ayendetse chala pachipsera: chopola bwino chimafewa ndi kuzilala miyezi ikamapita, pomwe kambulu kolimba, nkhanambo yochoka n'kubwereranso, kapena kutuluka magazi popanda kudzigunda, n'zoti akaonetse. Kenako apapase mbali imene chotupa chinali, m'khosi ngati chinali kumutu, m'khwapa ngati chinali kumkono, m'mphechepeche ngati chinali kumwendo. Mwanabere wa matenda wamba amapweteka ndipo amaphwa pakapita masiku. Wolimba, wosapweteka ndi womakulirakulira ndiye wofunika kufulumira naye.

Njira yachitatu ija ndi imene wodwala ali ndi mphamvu zambiri pa iyo. M'tauni ya Nambour ku Australia, anthu 1,621 anagawidwa m'magulu kuyambira mu 1992, ndipo amene ankadzola tsiku lililonse mafuta oteteza khungu ku dzuwa anachepetsa zotupa za squamous cell carcinoma ndi pafupifupi 40 peresenti poyerekeza ndi odzola akafuna. Anthu amenewa anali akuluakulu, khungu lawo litapsa kale ndi dzuwa kwa zaka zambiri, kusonyeza kuti kudziteteza kumathandizabe ngakhale munthu atayamba mochedwa. Mu 2015 kafukufuku wina wa ku Australia komweko, pa anthu 386 amene anadwalapo kale khansa ya pakhungu, anapeza kuti mapiritsi a nicotinamide, mtundu wa vitamini B3, anachepetsa zotupa zatsopano ndi 23 peresenti pa chaka chimene ankamwa. Kwa munthu wachialubino, chipewa chakhonde, malaya a manja aatali, mafuta odzola ndi kupewa ntchito yapadzuwa masana zili mbali ya chithandizo chimodzimodzi ndi opaleshoni. Zipatala zoyendayenda zonga zimene bungwe la Standing Voice limayendetsa m'Malawi ndi ku Tanzania zimagwira ntchito pamfundo yomweyi: kumuona munthu mobwerezabwereza, n'kupha timabala tokhakhala poziziritsa ndi nayitrojeni tisanasanduke khansa.

Zonsezi zikutanthauza kuti tsiku lochotsa ulusi si tsiku loweruza ngati chithandizo chatheka. Wodwala asatuluke m'manja mwa achipatala asanayankhidwe mafunso atatu, ndipo mayankho ake alembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala: inali khansa ya mtundu wanji, inazama mamilimita angati, ndipo m'mphepete munapezeka maselo kapena ayi. Mayankho amenewa ndiwo amanena ngati afunika kudulidwanso, kuwotchedwa ndi makina, kapena kungoonedwa, komanso kangati pachaka. Achipatala nawo aziwerenga kupambana kwawo potengera odwala amene akuwadziwabe kumene ali zaka ziwiri zitapita, osati kuchuluka kwa zotupa zimene adula. Khansa yoyambiranso ikagwidwa ili mamilimita ochepa nthawi zambiri imachizika ndi opaleshoni ina yaing'ono, ndipo amene angaigwire pamsinkhu umenewo ndi wodwala amene anauzidwa zoti aziyang'ana ndi dokotala amene akumuyembekezera.